Mfumu ya ku Cameroon imene inadzipangira zilembo ndi citundu cacecace

Kumadzulo kwa dziko la Cameroon kuli mzinda wochedwa Foumban, likulu la anthu a mtundu wa Bamum. M'nyumba yacifumu ya mumzindawo muli mabuku ndi makalata zikwi zingapo, olembedwa ndi manja zaka zoposa 100 zapitazo. Zilembo zace si za Cingelezi, si za Ciarabu, ndipo sanabwere nazo amishoni. Anazipanga ndi mfumu ya dzikolo, Ibrahim Njoya.

Njoya analowa ufumu akali mwana, atate wace Nsangu ataphedwa pa nkhondo yomenyana ndi anthu a Nso m'zaka za m'ma 1880. Adaniwo anatenga mutu wa mfumu napita nao kwao. Poyamba dziko linali m'manja mwa amai wace, Njapndunke, kufikira mwanayo atakula. Ngakhale pamenepo mpando sunakhazikike, pakuti nduna ina yaikulu inaukira, ndipo nkhondo yapaciweniweni inabuka. Njoya anapempha thandizo kwa Afulani a ku Banyo, anthu Acisilamu okwera pa akavalo, ndipo ndi iwo amene anamupulumutsa.

Alendowa anabwera ndi cinthu cina cimene cinagwira mtima wa mfumu yacinyamatayo koposa akavalo. Anali ndi mabuku. Aphunzitsi ao, pamodzi ndi amalonda Acihausa amene anali kufika ku Foumban, anali kulemba mau Aciarabu pa matabwa, ndipo munthu wina amene panalibe polembapo anali kutha kunena zonse zimene zinali pa thabwalo. Njoya anaona kuti m'menemo muli mphamvu. Koma m'malo mongotengera zilembo za eni ace, iye anafuna zoti zinyamule Cibamum.

Mbiri ya Abamum imati ca m'ma 1896 mfumuyo inalota munthu akuiuza kuti itenge thabwa, ijambulepo dzanja la munthu, itsuke cithunzico ndi madzi, nimwe madziwo. Amene akudziwa miyambo ya Asilamu a kumeneko sadabwa ndi loto lotere, cifukwa kutsuka mau olembedwa pa thabwa ndi kumwa madzi ace unali mwambo wodziwika wofunira macilitso ndi madalitso. Kutaca, Njoya anaitana nduna ndi anyamata a kubwalo kwace nawauza kuti ajambule zinthu zosiyanasiyana ndi kuchula maina ace. Pa zithunzi zimene anabweretsa, iye anasankha zomukomera. Motero panabadwa zizindikiro pafupifupi 500, ciliconse cikuimira cinthu kapena mcitidwe wina.

Apa ndi pamene nchito yeniyeni inayambira, ndipo ndi pamene nzeru za mfumuyi zinaonekera. Kujambula mbuzi kapena nyumba n'kosavuta. Nanga mau onga "koma", "dzulo", "ngati", munthu angawajambule bwanji? Nanga dzina la mlendo? Ndiponso zizindikiro 500 ndi katundu wolemera pa mutu wa mwana wophunzira. Njoya analibe mphunzitsi womuuza njira. Anaipeza yekha pogwiritsa nchito zilembo zace ndi kuona pamene zinali kumukanika.

Njirayo ingamveke bwino poifanizira m'Cinyanja. Liu lakuti "mtengo" limanena comera ca m'chire, komanso limanena ndalama zogulira cinthu. Munthu wofuna kulemba za mtengo wa mcere ku sitolo, amene sungajambulike, angathe kujambula mtengo wa masamba, ndipo wowerenga adzamva cimene cikunenedwa. Pamenepo cithunzico caleka kuimira cinthu, cayamba kuimira kamvekedwe ka liu. Ndi mmene zinayendera ku Foumban. Cibamum cili ndi mau ambiri aafupi, ochulidwa ndi mpweya umodzi, kotero kuti cizindikiro ca liu limodzi lotere cinali kutha kubwerekedwa kuti cikhale cidutswa ca liu lina lalitali. Cizindikiro cimodzi cikayamba kugwira nchito m'mau khumi, zizindikiro zina zisanu ndi zinai zimasanduka zopanda pace.

Cotero mfumuyo inayamba kutaya zimene inapanga yokha. Inakonza zilembozo kangapo pa zaka 14, ulendo uliwonse ikucepetsa ciwerengero cace ndi kufewetsa kajambulidwe, mpaka zithunzi zija zinasanduka timizere tocepa tolembeka msanga. Anthu ambiri akapanga cinthu safuna kucotsapo kanthu, makamaka mafumu, amene sazolowera kuuzidwa kuti analakwitsa. Njoya anataya zizindikiro zoposa 400. Pofika caka ca 1910 zinatsala 80 cabe, ndipo zina mwa zomwezo zinali kugwiranso nchito ya manambala. Kalembedwe komalizaka kanachedwa A-ka-u-ku, potengera zilembo zace zinai zoyambirira, monga mmene ana a sukulu amanenera kuti a-e-i-o-u.

M'kalembedwe ka A-ka-u-ku cilembo cimodzi cimaimira phatikizo lathunthu la liu. Liu longa "nyumba", limene m'Cinyanja limadya zilembo 6, m'njira yotere lingalembedwe ndi zizindikiro ziwiri, ca "nyu" ndi ca "mba". Komabe Cibamum cili ndi vuto limene Cinyanja cilibe. Mau onse a Cinyanja amatha ndi a, e, i, o kapena u, pamene a Cibamum ambiri amathera pa cilembo cotseka pakamwa monga m, n kapena t. Pofuna kuthana ndi zimenezi panaikidwa kamzere kolembedwa pamwamba pa cilembo, kosonyeza kuti wowerenga achule ciyambi cokha ca phatikizolo nasiye mathero ace. Panalinso kacizindikiro kena konga denga, kosintha kamvekedwe ka cilembo, kotero kuti zilembo 80 zija zinali kutha kuchula maphatikizo ambiri kuposa ciwerengero cace. Mizere inali kuyambira kumanzere kupita kumanja, mosiyana ndi Ciarabu cimene mfumuyo inaona poyamba.

Pamene zonsezi zinali kucitika, Azungu anali atafika kale. Ajeremani analowa mu Foumban mu 1902, ndipo amishoni a ku Basel anatsatira mu 1906. Njoya anasankha kusalimbana nao. M'caka comweco ca 1906 ankhondo ace anatsagana ndi Ajeremani kukamenya Anso, ndipo cibade ca atate wace cinabwezedwa kwao. Mu 1908 anatumiza mpando wacifumu wokutidwa ndi mikanda kwa mfumu ya Ajeremani, Wilhelm II, ndipo mpandowo ukali ku Berlin. Ubwenzi umenewu unamupatsa zaka zingapo za mtendere, ndipo iye sanaziwononge.

Anatsegula sukulu kunyumba yacifumu, kumene ana a mafumu ndi a nduna anali kuphunzira zilembo zatsopano, ndipo pambuyo pace masukulu ena anatsegulidwa m'madera a dziko lace. Alembi a kubwalo anayamba kulemba milandu ndi zigamulo zace, maukwati, kubadwa kwa ana ndi imfa. Mfumuyo inasonkhanitsa akuluakulu kuti afotokoze mbiri ya mafumu onse kuyambira pa Nchare Yen, woyambitsa ufumuwo, ndipo panatuluka buku la masamba oposa 500 la mbiri ndi miyambo ya Abamum. Panalembedwanso buku la mankhwala a zitsamba ndi matenda amene amaciza. Mu 1912 Njoya anatenga gulu la anthu ace nayendera dziko lonse, akulemba maina a midzi, mitsinje ndi mapiri, kuti ajambule mapu. Analembanso buku la cipembedzo cimene anacilumikiza yekha kucokera ku Cisilamu, Cikristu ndi miyambo ya makolo. Amai osinja pa mtondo angakondwe kumva kuti munthu yemweyu anakonzetsanso cigayo copukusa ndi manja cogayira cimanga.

Zilembo zitakhazikika, ca m'ma 1912, mfumuyo inacita cinthu cina codabwitsa kwambiri. Inapanga citundu catsopano. Ici sicinali Cibamum colembedwa mwa njira ina ai, koma cilankhulo cina ndithu, cokhala ndi mau aceace, cochedwa Shümom. Ku Foumban kunali mphunzitsi wamkazi wa mishoni, Anna Wuhrmann, wocokera ku Switzerland. Njoya anali kumupempha kuti amuchulire mau a Cijeremani, Cifalansa ndi Cingelezi. Liu likamukomera m'khutu anali kulitenga, koma tanthauzo lace analisiya kwa eni ace nalipatsa lina la kumtima kwace. Mau otere anawasakaniza ndi ena opeka yekha ndi ena ocokera m'zitundu zoyandikana nazo. Zotsatira zace zinali zakuti Mjeremani akamva liu la kwao m'kamwa mwa nduna sanali kutolapo kanthu, ndipo Mbamum wamba nayenso anali kungoyang'ana.

Cimeneco ndico cinali colinga. Shümom cinali citundu ca m'nyumba yacifumu, coti mfumu ndi anthu ace azikambirana pamaso pa alendo ndi omasulira popanda womva. Amene anakulira kumene kuli gule wamkulu akudziwa kuti mau obisika amamanga gulu ndi kutsekera kunja osalowa. Kusiyana kwace n'kwakuti mau a kudambwe ndi a makolo, osadziwika amene anawayamba, pamene a Shümom mwini wace akudziwika dzina ndi zaka zimene anawapanga. Ndipo sanalekere pa mau owerengeka a cinsinsi: buku lija la mbiri ya Abamum linamasuliridwa m'citundu copangaci. Pa zinthu ziwiri zimene Njoya anapanga, zilembo ndizo zinali zaphindu kwa anthu ambiri, pakuti anazipereka kwa aliyense wofuna kuphunzira. Citundu cija anacipangira owerengeka, ndipo cinakhaladi ca owerengeka.

Nkhondo yaikulu ya 1914 inasintha zonse. Ajeremani anathamangitsidwa, Angelezi analowa mu Foumban mu 1915, ndipo mu 1916 dzikolo linaperekedwa kwa Afalansa. Atsamunda atsopanowa sanamukhulupirire Njoya. Anamuona ngati bwenzi la Ajeremani, ndiponso mfumu yokhala ndi masukulu ace, mabuku ace a milandu ndi zilembo zimene bwanamkubwa sangathe kuwerenga inali yovuta kuilamulira. Njoya anapitiriza nchito zace. Mu 1917 anayamba kumanga nyumba yacifumu ya njerwa, yosanjikizana, imene ikali ciimire. Anali atalamulanso mmisiri wace kuti asungunule citsulo ndi kuumba zilembo za makina osindikizira mabuku, nchito imene inatenga zaka zambiri. Makinawo anaonongeka m'masiku a mkangano ndi Afalansa, mabuku a Cibamum asanayambe kusindikizidwa, ndipo zonse zinatsala zolembedwa ndi manja.

M'zaka za m'ma 1920 boma la Afalansa linalanda mfumuyo mphamvu zace, linagawa dziko lace kwa mafumu ena oikidwa ndi boma, ndipo masukulu a A-ka-u-ku anatsekedwa. Mwana wofuna nchito ya ukalaliki anayenera kuphunzira Cifalansa. Mu 1931 Njoya anacotsedwa kwao natumizidwa ku Yaoundé, kumene anamwalira mu 1933.

Zilembo sizifa tsiku limodzi. Amene anaphunzira m'masukulu a mfumu anapitiriza kulemberana makalata ndi kusunga zolemba zao, koma ana ao sanaphunzire. Cameroon atalandira ufulu mu 1960, zitundu za boma ndi za sukulu zinakhala Cifalansa ndi Cingelezi, ndipo Cibamum cikalembedwa cinali kulembedwa ndi zilembo za Azungu. Ufumu weniweniwo unapitirira: mwana wa Njoya, Seidou Njimoluh Njoya, analamulira kuyambira 1933 mpaka 1992, ndipo anasunga mabuku a atate wace m'nyumba yacifumu. Koma caka ndi caka okhoza kuwawerenga anali kupita kumanda mmodzimmodzi. Pofika ca m'ma 2000 anatsala owerengeka, ambiri a iwo okalamba, pamene mapepala anali kudyedwa ndi cinyezi ndi tizilombo. M'mapepalamo munali zigamulo za milandu, maina a mankhwala ndi mibadwo ya mabanja, zinthu zimene zidzukulu za eni ace zinali kuzigwira m'manja osatha kumva cimene zikunena.

Mu 2005 kunayambika nchito yopulumutsa zolembazo, yochedwa Bamum Scripts and Archives Project, yotsogozedwa ndi anthu a kunyumba yacifumu pamodzi ndi katswiri wa mbiri Konrad Tuchscherer wa ku New York. Anayenda m'mabanja kufunafuna mapepala akale, nawajambula zithunzi kuti ngakhale pepala litawola mau ace atsale. Anayambanso kuphunzitsa acinyamata. Mu 2009 zilembo za A-ka-u-ku zinalowetsedwa mu Unicode, mndandanda wa padziko lonse umene makompyuta ndi mafoni amatengamo zilembo, ndipo mu 2024 ku Foumban kunatsegulidwa nyumba yatsopano yosungiramo zinthu za mafumu a Bamum.

Vuto limodzi latsala, ndipo linacokera m'nzeru zomwe zija za Njoya. Popeza iye anali kusintha zilembo zace kawirikawiri, mapepala a zaka zoyambirira analembedwa ndi zizindikiro zimene anadzazitaya pambuyo pace. Wacinyamata amene waphunzira bwino zilembo 80 za mu 1910 angawerenge mabuku a m'zaka zotsatira, koma akapatsidwa pepala la mu 1900 amaima. Ndi cifukwa cace mu 2010 a Unicode anaonjezanso zizindikiro zakale 569, zocokera m'makonzedwe onse amene mfumuyo inawasiya m'mbuyo.