Antchito a m'malaibulale tawaiwala

Pa 18 December 2015 moto udanyeketsa laibulale ya pa Mzuzu University, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Dziko lonse lidagwira pakamwa. Tidalira mabuku, tidalira makompyuta ndi nyumba yomwe. Koma ndi ochepa amene adaganizako za anthu omwe kwa zaka zambiri ankalandira mabukuwo limodzilimodzi, kuwalemba m'kaundula, kuwapatsa manambala ndi kuwandanda m'mashelefu. Thukuta lawo lidapsera momwemo.

Lero, awerengi, ndati tikambepo za anthu amenewa, makamaka iwo ogwira ntchito m'malaibulale a anthu wamba m'zigawo ndi m'maboma. Nkhani zawo sizimveka pa wailesi pokhapokha moto utabuka kapena nduna itabwera kudzalandira mabuku a mphatso.

Bungwe loyendetsa malaibulale amenewa, la National Library Service, lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1967 ndipo lidayamba ntchito mu 1968. Likulu lake lili ku Lilongwe, nthambi zake zili ku Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Chodabwitsa nchakuti m'chaka chomwecho cha 1968 boma lidakhazikitsanso lamulo lopereka mphamvu ku Censorship Board zoletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Dzanja lamanja linkapereka buku, lamanzere nkulanda.

Achinyamata a lero sangamvetse mmene ntchito ya m'laibulale idalili yoopsa masiku amenewo. Buku loletsedwa likapezeka pa shelefu, woyankha mlandu adali wantchito yemwe ali pa tebulo. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lomwe lidatuluka mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo mwini wake adamangidwa mu 1987 nkukatuluka ku Mikuyu mu 1991. Tangoganizani munthu wophunzira ntchito yopatsa anthu mabuku akulamulidwa kuti awabise.

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zidamasula pakamwa pathu. Chaka chomwecho cha 1994 sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Walira mvula walira matope: ana onsewo, ndi ana awo, akufuna powerengera. Pitani pa laibulale iliyonse ya m'tauni mayeso a Fomu 4 akayandikira mukaone mzere pakhomo chitseko chisanatsegulidwe. Amene amasenza chikhamu chimenechi ndi antchito ochepa omwe ambiri timawaona ngati alonda a mabuku.

Eti ntchito yawo nkungodinda deti ndi kuletsa phokoso? Ayi ndithu. Buku lililonse likafika, wantchito amayenera kulidziwa kuti likunena za chiyani kuti alipatse nambala yoyenera. Malaibulale ambiri a anthu wamba amatsata njira yomwe adakonza Melvil Dewey wa ku America mu 1876, yogawa nzeru zonse m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 999. Za malamulo zili pa 340, za umoyo pa 610, za ulimi pa 630, zoweta ziweto pa 636, zowerengera ndalama za bizinesi pa 657. Buku likapatsidwa nambala yolakwika kapena likaikidwa pa shelefu ya eni, ndiye kuti latayika ngakhale lili m'nyumba momwemo. Inu a geni amene mumadziwa kusanja katundu pa benchi kuti kasitomala aone msanga chomwe akufuna, mukuimvetsa bwino ntchito imeneyi. Kusiyana kwake nkwakuti katundu wa m'laibulale amabwerekedwa, ndiye ayenera kulondolozedwa mpaka abwerere.

Luso lotere silibwera ndi mphepo. Bungwe la antchito a m'malaibulale, la Malawi Library Association, lidayamba mu 1976, ndipo kwa zaka zambiri maphunziro ake a satifiketi ndiwo adasula othandizira a m'malaibulale m'dziko muno. Wofuna digiri ankapita kunja, monga ku Botswana kapena ku Mangalande, mpaka pomwe Mzuzu University idatsegula maphunziro a ntchitoyi mu 2003. Dziko lino lachititsakonso msonkhano waukulu wa SCECSAL, wa antchito a m'malaibulale a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, monga wa ku Lilongwe mu 2014.

Zonsezi nzabwino, koma funso langa nali: nzeru za m'misonkhano imeneyi zimafika kwa wantchito wa pa nthambi ya kuboma? Tonse tikudziwa mwambo wa maofesi athu. Kukakhala semina ya kunyanja ya alawansi, amapita ndi mabwana. Kukakhala kunyamula makatoni, amaitana wamng'ono. Chonsecho mwana wa sukulu akalowa m'laibulale sakumana ndi bwana wa kulikulu. Amakumana ndi wothandizira uja. Ngati wothandizirayo sadaphunzitsidwe kufufuza nkhani pa kompyuta, mwanayonso abwerera chimanjamanja.

Amene akukayika phindu la kalaibulale kakang'ono akumbuke za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 idamuchotsa pa sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Iye adayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Ndi zitsulo zotola ndi mbali za njinga, mnyamatayo adapanga makina opereka magetsi panyumba pa makolo ake. Nkhani yake idalembedwa m'buku mu 2009 ndipo filimu yake idatuluka mu 2019. Dziko lonse lapansi likumudziwa Kamkwamba. Nanga mayi amene ankatsegula chitseko cha kalaibulale kaja ndi kumulola mwana wosiya sukulu kubwereka mabuku, tidamuthokoza?

Ena akuti masiku ano zonse zili pafoni, laibulale njachiyani. Abale anzanga, bandulo ndi ndalama, ndipo foni siikuuza kuti ichi nchoona, ichi nchabodza. Mabodza angati omwe timatumizirana pa WhatsApp tsiku lililonse? Komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, lomwe lidasainidwa mu 2017 nkuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, silingathandize munthu wosadziwa koyambira. Wantchito wa m'laibulale wophunzitsidwa bwino ndiye angamulozere mayi wa kaunjika komwe angapeze malamulo a msonkho, kapena mnyamata wofuna kulembetsa bizinesi yake.

Ndiye pempho langa loyamba likupita ku boma ndi aphungu athu. Pokambirana bajeti, ndalama za malaibulale zisamakhale zotsalira za pansi pa mphika. Maphunziro obwereza afike kwa antchito a m'nthambi, ndipo amene wadzivutitsa nkupeza dipuloma kapena digiri akwezedwe, apo ayi adzathawira ku mabungwe ndipo tidzatsala ndi nyumba zopanda eni.

Lachiwiri ndi la mabuku. Mabungwe akunja monga Book Aid International ya ku London ndi CODE ya ku Canada atithandiza kwa nthawi yaitali, ndipo tiyamike. Koma fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Buku la ulimi wa dziko la chipale silingamuthandize mlimi wa ku Ntcheu. Malaibulale akhale ndi ndalama zawozawo zogulira mabuku a olemba a kuno, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi zinenero zina, ndipo posankha azifunsa antchito a m'nthambi, poti iwo ndiwo amamva zomwe anthu amafunsa nkuzisowa.

Lachitatu ndi la akuluakulu a malaibulale eniake. Nthawi yomwe laibulale ili yotsegula ndi yomweyo wamalonda ali pamsika. Bwanji osayesa kutsegula madzulo masiku ena, ndi kumupatsa wantchitoyo kangachepe ka maola owonjezera? Bwanji osakambirana ndi makomiti a m'misika kuti kamodzi pamwezi kuzikhala phunziro la kasungidwe ka kaundula wa ndalama? Venda akaona phindu lake, adzakhala woyamba kuikira kumbuyo laibulale.

Lomaliza ndi lathu, makamaka inu ophunzira. Kung'amba tsamba m'buku chifukwa mwaona kuti funso la mayeso lichokera pamenepo ndi kuba, ndipo mukubera mng'ono wanu yemwe. Kubisa buku pa shelefu ina kuti anzanu asalipeze ndi ufiti. Kubwereka osabweza nkumuika m'mavuto wantchito amene adakukhulupirirani. Mutu umodzi susenza denga. Iwo akasamala, ifenso tisamale.

Pa 23 April dziko lapansi limakumbukira tsiku la mabuku, ndipo pa 8 September tsiku lolimbikitsa kulemba ndi kuwerenga. Pa masiku amenewa pamakhala zoyankhula, magule ndi zithunzi za akuluakulu. Ine ndikuti ulendo uno pa nsanja pakhalenso mpando wa wantchito wa pa nthambi ya kuboma, ndipo apatsidwe maikolofoni atiuze yekha chomwe chikusowa m'laibulale mwake.