Mkangano wa Zithunzi Zimene Zimasunga Mbiri ya South Africa

Akatswiri a mbiri ndi akonzi a nyuzipepala akamatsutsana za chithunzi chimene chimaimira bwino mbiri ya dziko, luso la wojambula limatenga gawo lochepa la mkanganowo, pakuti chimene amalimbirana kwenikweni ndi nkhani imene dzikolo likufuna kuti ana ake aziikumbukira. South Africa ndi dziko loyenera kuonerapo zimenezi, chifukwa kuyambira mu 1948 mpaka mu 1994 linali pansi pa apartheid, ulamuliro umene unkagawa anthu potengera khungu n'kuika nthaka, chuma ndi voti m'manja mwa azungu, ndipo boma la nthawiyo linkaopa kamera mwakuti linaletsa kusindikiza nkhope ya Nelson Mandela pa zaka zimene iye anali m'ndende.

Chithunzi chimene ambiri amayamba kutchula ndi cha Sam Nzima, wojambula wa nyuzipepala ya The World, chimene anachijambula ku Soweto pa 16 Juni 1976, tsiku limene ana asukulu zikwizikwi anadzaza misewu pokana lamulo lakuti maphunziro ena aziphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans, apolisi n'kuwayankha ndi zipolopolo. Pachithunzicho pali anthu atatu: Hector Pieterson, mwana wa zaka 12, magazi akutuluka m'kamwa, Mbuyisa Makhubo, wa zaka 18, atamunyamula m'manja akuthamanga naye, ndi Antoinette, mlongo wake wa Hector, ali mu yunifolomu ya sukulu, akulira dzanja lili m'mwamba. Nzima anatulutsa filimu m'kamera n'kuibisa m'sokosi, kotero kuti pamene apolisi anaononga mafilimu ena amene anam'peza nawo, imeneyi inapulumuka, ndipo m'masiku ochepa chithunzicho chinali chitasindikizidwa m'mayiko ambiri. Chodabwitsa n'chakuti mulibe wapolisi kapena mfuti, komabe munthu amene sadziwa chilichonse cha ndale za dzikolo amamva mlandu wonse akangochiona. Tsiku la Mwana wa mu Africa, limene bungwe la OAU linakhazikitsa mu 1991 ndipo limakumbukiridwa ngakhale ku Malawi, linachokera pa zimene zinachitika tsiku limenelo.

Otsutsa sakana mphamvu ya chithunzichi, koma amafunsa zimene chinaphimba. Ambiri amakhulupirira kuti mwana woyamba kuomberedwa tsikulo anali Hastings Ndlovu, wa zaka 15, koma popeza panalibe kamera pamene iye anagwa, nyumba yosungiramo mbiri imene inatsegulidwa ku Orlando West mu 2002 imadziwika ndi dzina la Hector. Ena amadandaula kuti chithunzicho chimaonetsa ana a ku Soweto ngati ozunzidwa basi, pamene iwo anali atakhala pansi, kusankha atsogoleri monga Tsietsi Mashinini, ndi kukonza njira zimene sukulu iliyonse idzere. Palinso mtengo umene eni nkhani analipira, umene kawirikawiri sutchulidwa pa zikondwerero. Makhubo anasautsidwa ndi apolisi mpaka anathawira ku Botswana, kenaka ku Nigeria, ndipo abale ake anamva za iye komaliza mu 1978. Nzima anasiya utolankhani n'kubwerera kwawo ku Lillydale, nyuzipepala ya The World inatsekedwa ndi boma mu Okutobala 1977, ndipo umwini wa chithunzicho, kutanthauza ufulu wololeza kapena kuletsa ena kuchisindikiza ndi kulandirapo ndalama, anaupeza mu 1998, patapita zaka 22.

Amene amaika umboni patsogolo amasankha zithunzi za ku Sharpeville, kumene pa 21 Malichi 1960 apolisi anaombera khamu limene linasonkhana potsatira pempho la chipani cha PAC lokana zitupa zimene munthu wakuda ankakakamizidwa kuyenda nazo paliponse. Malinga ndi chiwerengero cha boma, anthu 69 anaphedwa, ambiri a iwo ataomberedwa kumsana. Ian Berry, wa magazini ya Drum, anajambula anthu akuthawa kulunjika kumene iye anali, ndipo zithunzi zake zinagwiritsidwa ntchito ngati umboni wotsutsa zimene apolisi ankanena. Pa kulemera kwa zotsatira zake, Sharpeville sichepa poyerekeza ndi Soweto, chifukwa ndi pambuyo pake pamene zipani za ANC ndi PAC zinaletsedwa n'kuyamba nkhondo ya zida. Komabe zithunzi za Berry zimaonetsa khamu lopanda mayina, ndipo mtima wa munthu umagwira msanga nkhope imodzi kusiyana ndi anthu mazana.

Gulu lina limati dziko lisadziwike ndi maliro okha. Iwowa amatchula Mandela akutuluka m'ndende ya Victor Verster pa 11 Febuluwale 1990, chibakera m'mwamba, atagwirana dzanja ndi mkazi wake Winnie; mzere wokhotakhota wa ovota ku Soweto mu Epulo 1994, umene Denis Farrell anaujambula ali m'mwamba; ndiponso Mandela atavala malaya a timu ya Springbok, akupereka chikho cha rugby kwa kaputeni wa timuyo, Francois Pienaar, ku Ellis Park pa 24 Juni 1995. Mwa zitatuzi, cha ovota ndicho chokha chimene mwininkhani wake ndi anthu wamba, pamene cha ku Ellis Park chinalonjeza chiyanjano chachikulu kuposa chimene chinalipo, monga zinadzaonekera pa 16 Ogasiti 2012, pamene apolisi a boma la demokalase anapha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi ku Marikana, makamera akujambula.

Vuto lalikulu la mkangano wonsewu lili pa kuganiza kuti mbiri imapangika pa masiku odziwika okha. Apartheid inkagwira ntchito tsiku ndi tsiku, m'sitima zodzaza, m'maofesi a zitupa ndi m'makomboni a m'migodi, ndipo amene anaijambula motero ndi Ernest Cole, yemwe anatuluka m'dzikolo mu 1966 n'kusindikiza buku la House of Bondage ku New York mu 1967, buku limene boma linaliletsa nthawi yomweyo. Chithunzi chake chodziwika kwambiri chimaonetsa amuna ofuna ntchito ya mumgodi ataimikidwa pamzere ali maliseche, manja m'mwamba, atayang'ana kukhoma, kudikira kuti awapime. Palibe amene akufa pachithunzicho, ndipo palibe tsiku la tchuthi limene linachokerapo, koma chimafotokoza mmene ulamulirowo unkaonera munthu wakuda momveka kuposa zithunzi za mfuti. Cole anamwalira ali wosauka ku New York mu Febuluwale 1990, patangopita sabata imodzi Mandela atatulutsidwa, ndipo mafilimu ake pafupifupi 60,000 anapezeka mu 2017 m'chipinda chosungiramo chuma cha banki ina ku Sweden.

Chithunzi cha Cole chimasokonezanso funso lakuti mbiri imeneyi ndi ya dziko liti, popeza migodi ya golide ya ku Johannesburg inkadalira kwambiri amuna ochokera ku Mozambique, Lesotho ndi Malawi, amene ankalembedwa ntchito ndi mabungwe monga Wenela n'kupimidwa mwa njira yomweyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi imeneyi, kufikira pamene Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku Joni.