Kodi Injiniya Watsopano Apatsidwe Mphatso Yanji?

Mbiri yakuti mwana watsiriza maphunziro ace pa Yunivesite ya Zambia siyembekezanso thumba la makalata monga kale. Imafika ku Feira pa lamya ya m'manja, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse umakhala utamva. Amai amaimba nthungululu, anansi amabwera kudzagwira canza. Koma cimwemwe cikazizira pang'ono, akulu a pa banja amasonkhana pansi pa mtengo wa masau ndi funso limene silipepuka: mwana ameneyu, amene tsopano achedwa injiniya, apatsidwe mphatso yanji?

Kwa Ansenga a kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Acikunda a kwa Mfumu Mphuka, funso lotere silithera pa bambo ndi mai okha. Mwana wa m'boma la Luangwa kuti afike pa yunivesite amakhala atadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Pali amalume amene anagulitsa mbuzi pamene ndalama za sukulu zinasowa. Pali azakhali amene anapirira dzuwa loocha pa ulalo wa Luangwa, kugulitsa nsomba zouma kwa apaulendo a ku Chipata. Pali agogo amene mphasa zao zinagula makope ndi sopo. Onsewa ali ndi mau, ndipo mau ao kawirikawiri sagwirizana.

Coyamba cimene cimasokoneza msonkhano ndi dzina lenilenilo. Kumudzi ambiri akamva kuti injiniya amaganiza za munthu wokonza injini ya boti kapena ya cigayo, ndipo wina amafulumira kunena kuti kugulidwe bokosi la masipanala. Nchito ya makaniko ndi yolemekezeka, koma si imeneyo imene mwanayu waphunzira zaka zisanu. Injiniya ndiye amawerengera cinthu cisanamangidwe: kulemera kumene cidzasenza, citsulo cimene cidzafunika, ndi pamene madzi adzafika mtsinje ukadzaza. Aliyense wa ku Feira amaona nchito yotere ndi maso ace pamene mseu wa kwao ukumana ndi mseu waukulu wa kum'mawa. Ulalo wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, uli ndi danga la mamita 222 pakati pace lopanda mzati. Wapacikika pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanja ziwiri. Alipo anthu amene anakhala pansi nawerengera cingwe ciri conse malole a katundu asanapondepo. Mapulani ace anajambulidwa ndi kampani ya ku Britain ya Freeman Fox, pakuti masiku amenewo dziko linalibe ana ace okwanira nchitoyi. Pa ufulu mu 1964 Zambia yense anali ndi anthu a madigiri ngati 100 okha. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yace ya uinjiniya inayamba mu 1969.

Tsono asanaturutse ngwee iri yonse, akulu acita bwino kufunsa mwini wace kuti uinjiniya umene waphunzira ndi wanji. Ulipo wa miseu, maulalo ndi madzi. Ulipo wa magetsi. Ulipo wa makina. Ulipo wa zaulimi, ndi wina woyeza malo. Cida cofunika kwa mmodzi cingakhale cabe cotsekera citseko kwa mnzace. Ena amati kufunsa kumacotsa kukoma kwa mphatso. Kukoma kumeneko ndi kwa a ndalama zambiri, amene akaphonya lero amagula cina mawa.

Kale funsoli linali ndi yankho lapafupi. Ainjiniya oyamba a dziko lino anali kunyadira rula ya manambala yokhala ndi kathabwa kotsetsereka pakati, imene Azungu amaicha slide rule, ndipo ndi iyo anali kucurukitsa ndi kugawa manambala popanda magetsi. Mu 1972 kampani ya Hewlett-Packard ya ku America inaturutsa kamakina ka m'thumba kowerengera masamu obvuta, ndipo zisanathe zaka khumi rula ija inagonekedwa m'kabati. Thabwa lojambulirapo mapulani nalo linatsatira. Lero mapulani amajambulidwa pa kompyuta, ndipo kompyuta ya m'manja ndiyo mphatso imene acinyamata a pa banja amachula coyamba.

Sanalakwe. Koma mtengo wa kompyuta yamphamvu yokwanira nchito ya mapulani ungathe kusesa khola lonse la mbuzi, ndipo yochipa yogulidwa kwa munthu wa m'mbali mwa mseu ingafe mwezi usanathe. Ophunzira ambiri amakhalanso ali nayo kale, popeza nkobvuta kutsiriza maphunzirowa popanda iyo. Ndipo m'cigwa cino, m'mene mvula imagwa mopereweza ndi njobvu zimatha munda usiku umodzi, mbuzi ndiyo nkhokwe yaciwiri. Banja limene lagulitsa ziweto zonse m'malimwe, kapena latenga kaloba kuti lionekere pa tsiku limodzi, lidzalira mu Januwale, ndipo kulira kwace kudzafika kwa mwana yemweyo asanalandire ngakhale malipiro oyamba.

Amalume nthawi zambiri amaimira phwando. Kwa iwo mbuzi iphedwe, mowa ufulidwe, ng'oma zilire, kuti onse amene anathandiza adye nao. Maganizo amenewa sayenera kunyozedwa, pakuti mudzi umene unalera mwana uyenera kuthokozedwa pamaso pa anthu. Cobvuta ndi cakuti phwando limatha m'mawa mwace. Bambo amaimira suti ndi wochi ya pamkono. Suti iri ndi nchito pa tsiku la kuyesedwa pofuna nchito, koma wocita uinjiniya wa miseu masiku ace ambiri adzawathera m'pfumbi la simenti ndi miyala, kumene suti siikhalitsa.

Zimene iye mwini angachule atafunsidwa pa yekha ndi zosaoneka bwino pa cithunzi: nsapato zolimba za citsulo kumphuno, cisoti colimba, tepi yoyezera ya mamita asanu kapena khumi, cikwama cosalowa madzi. Makampani ambiri amapereka zina mwa izi kwa anchito ao, koma wongoyamba kumene, amene akuyendayenda kupempha malo ophunzirirapo nchito, amalandiridwa msanga akafika ali wokonzeka kulowa pa malo omangapo. Nsapato izi sazigula mongoyerekeza. Phazi lace liyezedwe.

Iripo mphatso ina imene akulu ambiri sanaimvepo, ndipo mwina ndiyo yoposa zonse. Digiri payokha siipatsa munthu ufulu wogwira nchito ya uinjiniya m'Zambia. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo inapanga mu 2010 limafuna kuti injiniya alembetse ku bungwe la Engineering Institution of Zambia, limene linayamba mu 1955, ndi kuti akhale ndi ciphaso cogwirira nchito cimene cimakonzedwanso caka ndi caka. Zonsezi zimafuna ndalama pa nthawi imene mwanayo alibe kanthu m'thumba. Pamwamba pace pali mkanjo wa pa tsiku la mwambo, zithunzi, kujambulitsa mapepala ace, ndi ndalama za basi zopitira ku Kitwe, ku Solwezi kapena kuli konse kumene angaitanidwe. Nchito siimadikira munthu pa cipata ca yunivesite. Ena amakhala miyezi yambiri akugona kwa acibale ku Mtendere kapena ku Kalingalinga. Ndalama zosonkhedwa ndi banja ndi kuikidwa padera cifukwa ca zimenezi zimamfikitsa patali kuposa wochi.

Apa ndi pamene agogo amakana. Kwa iwo mphatso ndi cinthu cogwirika m'manja, coperekedwa ndi manja awiri anthu akuona. Kapepala ka risiti si mphatso. Ndipo iwo sayembekezera kuti msonkhano ugwirizane. Amatuma mdzukulu kukadula bango kumtsinje, amaling'amba, amaliyanika, nayamba kusoka mphasa. Acinyamata amaseka, ati injiniya wa digiri agone pa mphasa? Koma amene anayambapo moyo wa m'tauni adziwa kuti kacipinda koyamba ka lendi kamakhala kopanda bedi, kopanda mpando, ndipo mphasa ya ku Luangwa, imene anthu a ku Lusaka amaimitsira galimoto pa ulalo kuti aigule, ndiyo imakhala katundu woyamba kuyalidwa.

Mwana wamkazi akakhala ndiye injiniya, msonkhano umakonda kupatukira ku mapoto ndi zitenje, ngati kuti ndi cikwati cimene cikukonzedwa. Nthawi ya mapoto idzafika yokha. Mtsikana amene anayamba sukulu ku Katondwe natsiriza masamu omwewo amene anagwetsa anyamata ambiri afunika nsapato zomwezo ndi ciphaso comweco.

Cina cimene sicinenedwa mokweza pansi pa msau ndi ciyembekezo cobisika m'mphatso. Alipo opereka nkhuku maso ali pa ng'ombe, ndipo mwana amadzamva kulemera kwace pamene lamya iyamba kulira pa kutha kwa mwezi uli wonse. Ciyembekezo cabwino ndi cina. Boma la Luangwa liri pakati pa mitsinje iwiri ikuluikulu, komabe minda imauma madzi akudutsa pafupi. Mapampu a pa zitsime akaonongeka amakhala nthawi yaitali. Mipanda yochinga njobvu imafuna woidziwa. Tauni ya Feira inakhala zaka zambiri ikudalira injini za dizilo kufikira pamene nthambo za magetsi zinafika kucokera ku Lusaka, ndipo anazikoka ndi anthu a maphunziro omwewa. Amalume akamuuza mphwao kuti asaiwale kwao, ndi izi zimene ayenera kumuonetsa ndi cala.

Pa tsiku la ulendo basi imanyamuka ku Feira kusanace, pakuti ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, ndipo oyamba 90 ndi a kukafika pa ulalo. Opita ndi awiri kapena atatu okha. Ndalama za basi sizilola mudzi wonse. Mai amamangirira ndalama zosonkhedwa pa nsonga ya citenje, bambo amafungatira katoni ya nsapato, ndipo kondakitala amakangana nao za mtengo wa mphasa imene agogo aumirira kuti ikwere. Agogo eni ace amatsala pa siteji, atauza mai kawiri konse kuti mphasayo isapindidwe pakati, bango lingathyoke.