Kutsetsereka pa Van Zyl's Pass, m'chipululu cha Kaokoland

Kumpoto chakumadzulo kwa Namibia kuli dera la miyala ndi mchenga lotchedwa Kaokoland, m'chigawo cha Kunene. Tauni yake yaikulu ndi Opuwo, ndipo aliyense wolowa m'chipululumo amamwetsa galimoto komweko, n'kudzazanso zigubu, chifukwa kutsogoloko malo odalirika ogulapo mafuta kulibe. Madzi akumwa, matayala apadera, fosholo, jeke, pampu ndi chingwe chokokera, zonsezi mumasenza nokha. Odziwa derali salola kupita ndi galimoto imodzi. Ifenso tinali ndi ziwiri, kuti ina ikafa inzake ikaitane thandizo.

Galimoto zake ndi zija zokoka ndi matayala onse anayi, monga Land Cruiser kapena Hilux. Ambiri amaganiza kuti chofunika ndi mphamvu ya injini. Ine chimene ndinaona n'chakuti njira za kumeneko zimafuna dalaivala wodekha, wodziwa kuyenda pang'onopang'ono kuposa munthu wapansi. Galimoto zotere zili ndi giya yapadera, low range, imene imachepetsa liwiro n'kuwonjezera mphamvu yokoka. Potsetsereka, giya imeneyi ndiyo imagwira galimoto, phazi n'kumangothandizira pa buleki mwaulemu.

Njira yotchuka kwambiri ndi Van Zyl's Pass. Anailambulitsa ndi Ben van Zyl, yemwe anali bwanamkubwa wa derali, m'zaka za m'ma 1960, ndipo anthu a mtundu wa Himba ndiwo anagwira ntchito yogubuduza miyala ndi manja. Kutalika kwake sikupitirira makilomita 15, koma imadya maola atatu kapena kuposa. Anthu amaiyenda kuchokera kum'mawa kutsikira kumadzulo basi. Kukwera nayo kumakumba njira, komanso mukakumana pakati palibe popatukira.

Pamalo ovutitsitsa dalaivala saona pansi n'komwe. Mphuno ya galimoto yaloza kumwamba, kenako yagwera kutsogolo, pagalasi n'kungooneka chigwa chili patali. Apa m'pamene mnzanu amatsika n'kuima kutsogolo, manja ali m'mwamba, ndipo inu mumaleka kukhulupirira maso anu n'kumatsata zala zake. Ndinaona mnzathu wina atagwada padzuwa, akusanja miyala m'dzenje kuti tayala lakumanja lipeze poponda. Anasankha yaphanthiphanthi, naigwedeza ndi phazi kuti aone ngati yakhazikika, kenako anakodola. Galimoto inasuntha pang'ono, tayala lakumbuyo linanyamuka n'kulendewera m'malere, thupi lonse la galimoto likulira kwee, mpaka linatera pansi mofewa. Palibe anayankhula. Tinasunthanso miyala ija kuikonzera galimoto yachiwiri. Pansi pa phiri pali mulu wa miyala imene apaulendo amalembapo mayina awo akatsika bwino, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake munthu amafuna kusiyapo chizindikiro.

Mukatsika mumalowa m'chigwa cha Marienfluss, chotambalala pakati pa mapiri a Otjihipa ndi a Hartmann, mpaka kukafika ku mtsinje wa Kunene, umene tsidya lake ndi Angola. Madzi ake amakopa munthu wotopa ndi fumbi, koma muli ng'ona. M'chigwamo mdani amasintha. Chaka chimene mvula yagwa, udzu umatalika, njere zake zimatseka radiyeta, ndipo udzu wouma umakodwa kunsi pafupi ndi paipi yotentha ya utsi. Galimoto zapsapo chonchi. Choncho mumaima pafupipafupi, n'kugona chagada pansi pa galimoto, kuzula udzuwo ndi waya.

Pamchenga wofewa, chida chachikulu ndi kuphwetsa matayala. Tayala loyenda pa tala ndi mpweya wopitirira 2 bar mumalitsitsa kufika cha m'ma 1.2, kuti lifutukuke n'kumayandama pamwamba. Ife ozolowera matope a dzinja timathamangira kuponda mafuta galimoto ikayamba kutitimira, koma mumchenga kutero n'kudzikumbira dzenje. Mumaima, kufukula ndi fosholo kutsogolo kwa matayala, kubwerera m'mbuyo pang'ono m'mapazi anu omwe, n'kunyamukanso mosadzidzimutsa.

Zikwangwani kulibe. Pamphambano ina yotchedwa Rooidrom pangoima mgolo wofiira, ndipo ndiwo umauza apaulendo kuti sanasochere. Kuchoka apo kulowera kum'mwera njira imadutsa m'zidikha za timiyala, zooneka ngati zopanda moyo. Komatu pamwamba pa timiyalato pamamera ndere zimene zimakula mochedwa kwambiri, ndipo mkwasa wa tayala limodzi umatha kuoneka kwa zaka makumi angapo. Zinandipweteka mtima kuona mizere yokhotakhota imene ena anajambula pongofuna kusangalala. Dera limeneli lili ndi eni ake. Ahimba amadyetsamo ng'ombe ndi mbuzi, ndipo msipu umene galimoto yapondereza ndi chakudya cha ziweto za munthu. Njira yakale ilipo. Palibe chifukwa chotsegulira ina.

Ku Puros, njira imalowa mumtsinje wouma wa Hoarusib, mmene mumayenda njovu za m'chipululu. Njovuzi zimayenda mitunda italiitali, zimatha masiku osamwa, ndipo zimafukula mchenga ndi chitamba kuti zipeze madzi. Mukakumana nazo pakati pa magombe awiri, mumazimitsa injini patali n'kuzisiyira mpata, makamaka ngati pali ana. Mthunzi wa mitengo ya mumtsinjemo umakopa kumangapo tenti, koma sitinatero. Mvula ikagwa kumapiri akutali, madzi amatsika mwadzidzidzi usiku, kuno kumwamba kuli mbee. Tinagona kumtunda, pamalo a msasa amene anthu a m'deralo amayang'anira, ndipo m'mawa tinapopanso matayala tisanalowe mumsewu wamiyala wopita ku Sesfontein.