Chapani Thaulo Palokha

Kodi mumachapa thaulo pamodzi ndi zovala? Taonani. Thaulo limapukuta nkhope ndi thupi lonse. Mwana akakhala ndi mphere, zipere kapena maso a manthongo, tizilombo timatsalira m'thaulo. Mukaliviika m'beseni limodzi ndi malaya a ena, nthendayo ingafalikire banja lonse.

Tsono chitani izi. Viikani thaulo palokha m'madzi otentha. Lichapeni ndi sopo, mulitsukuluze bwino. Liyanikeni pachingwe padzuŵa, osati paudzu, mpaka liumiretu. Wodwala akhale ndi thaulo lakelake.

Kale matenda a maso otchedwa trachoma ankavuta kuno ku Mchinji. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malaŵi wawagonjetsa. Tisalole kuti abwererenso kudzera m'thaulo.