Chisononkho chimayamba chimanga chili chaching'ono

Mvula ikagwa mu Disembala, alimi a ku Embangweni, Jenda ndi Champhira m'boma la Mzimba amatanganidwa ndi fodya, chimanga nkumadikira. Ambiri amati feteleza wobereketsa adzathira ngayaye zikatuluka. Apatu ndi pamene zokolola zimatayikira.

Mukazula phesi limodzi la masamba asanu ndi limodzi nkuling'amba pakati ndi lumo, mudzapeza kansonga koyera kofewa pafupi ndi nthaka. Kameneka ndiye gwero la mbewu yonse. Pa msinkhu umenewu, patangotha masabata atatu kapena anayi chimerere, masamba onse amakhala atayambika kale mkatimo, ndipo ngayaye ndi tizisononkho zimakhala zikuumbika ngakhale maso sangazione bwino. Posakhalitsa mizere ya njere imakhazikika. Mbewu ikavutika ndi njala kapena udzu nthawi imeneyi, chisononkho chimachepa, ndipo feteleza wothira mochedwa sangabwezeretse mizere yotayikayo.

Oweta nkhuku akudziwa zofanana ndi izi. Dzira limaswa pa masiku 21, koma mtima wa mwanapiye umayamba kugunda tsiku lachitatu lisanathe. Chachitika poyamba ndicho chimalamula mapeto.

Choncho alimi, thirani feteleza wokulitsa pobzala kapena mbewu ikangomera. Palirani msanga, ndipo yureya alowe patatha masiku 21 chimerere. Yenderaninso munda kawirikawiri, chifukwa kapuchi ndi ntchemberezandonda zachilendo, zomwe zidavuta mu 2017, zimabisala kumtima kwa chimanga. Zikaoneka, fulumirani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu.