Phazi lapumula, koma motoka ithamanga

Ife okwera minibasi za ku Matero na ku Chawama tingaganize kuti nkhani ya cruise control si yathu. Hiace imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndiye batani imeneyo ingagwire nchito pati? Koma ikafika weekend ndife amene tipempha lifiti yopita ku Kabwe kapena ku Kafue m'motoka za anzathu zocokera ku Japan, ndipo zina mwa izo zili nayo.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Woyendetsa akafika pa liwiro limene afuna, tinene 80, amatinika SET n'kucotsa phazi pa accelerator. Motoka isunga 80 yomweyo mpaka ataponda buleki. Basi, nchito yake ndi imeneyo. Ilibe maso. Siiona mgodi mu tara, siiona mbuzi, siiona thiraki imene yafera pakona itaikidwa nthambi m'malo mwa triangle. Zatsopano zina zili na radar yoona motoka ya kutsogolo, koma cruise wamba ilibe.

Mvula ikayamba mu November ndiye pamene ine ndimaopa. Madzi akadzala pa mseu, matayala akutha amayamba kuyandama. Munthu amene phazi lake lili pa accelerator amamva msanga n'kulicotsa. Wa cruise amacedwa, cifukwa phazi lili kutali ndipo injini ikali kukoka.

Pa mapiri monga Manenekela pa Great East Road kapena Munali popita ku Mazabuka, ni bwino kuizimiratu. Potsetsereka cruise wamba siigwira buleki, motoka imangopyola liwiro limene anaika. Palinso batani ya RES, imene imabwezera liwiro lakale. Munthu akacoka pa toll gate ya Katuba n'kuitinika, motoka ithamanga yokha kubwerera ku 100, olo kutsogolo kuli mzere wa mathiraki.

Ndiye pali tulo. Mseu woongoka, phazi lilibe cocita, m'mimba muli nsima ya masana. Wina akasinza, phazi limalefuka ndipo motoka imatha kucepetsa liwiro. Wa cruise akasinza, liwiro silisintha.

Manje imwe amene mwankhala kutsogolo, yang'anani pa dashboard. Kakayaka kanyale ka CRUISE mvula ikugwa, kapena muona ba driver ayamba kuyasamula, auzeni mwaulemu kuti azime. Kukhudza buleki pang'ono cabe kapena kutinika CANCEL n'kokwanira.